Tchalitchi cha Long Melford ndi funso lakuti analipira ndani

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano. Gawo lija la matchalitchi a maparishi a ku England, limene lakhala likundizunguza mutu m'phunziro lathu la mbiri ya zomangamanga, lamasuka, ndipo chimene chalimasula ndi tchalitchi chimodzi cha ku Suffolk, dera la kum'mawa kwa England, Holy Trinity cha m'mudzi wa Long Melford. Ndikulembera makamaka inu amene tikulimbana nalo limodzi phunziroli, kotero sinditaya nthawi pa Norman, Early English, Decorated ndi Perpendicular, mayina a mitundu ya kamangidwe motsata nthawi yake. Mayina amenewo, amene Thomas Rickman anawakhazikitsa mu 1817, nonse mungawatchule ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku. Kuwaloweza sikunandivute. Chinkandivuta n'chakuti ndikaima kutsogolo kwa tchalitchi chenicheni, mayinawo ankangondiuza kuti zenera ili ndi la nthawi yakuti, khomo ilo ndi la nthawi yakuti, basi. Sankandiuza chifukwa chimene mbali imodzi ya nyumba yomweyo ili yaitali, yowala, yodzaza magalasi, pamene mbali inayo ili yaifupi ndi yakale, yooneka kuti palibe ankaisamala.

Chatsegula zonse ndi funso limodzi lalifupi: analipira ndani? Tchalitchi cha parishi sichinkadya m'thumba limodzi. Kuyambira cha m'zaka za m'ma 1200 unakhazikika mwambo wakuti chancel, mbali ya kum'mawa kumene kuli guwa, ndi udindo wa rector, mwini udindo wa parishi, popeza ndiye ankalandira chakhumi cha parishi, cha tirigu, cha udzu wa ziweto, cha mitengo. Nave, kumene kumasonkhana anthu, inali pamutu pa akhristu eni ake kudzera mwa ma churchwarden awo, akhristu osankhidwa kuyang'anira chuma cha tchalitchi, pamodzi ndi nsanja, mabelu ndi mpanda wa kumanda. Ndiye kumbukirani kuti rector kawirikawiri sanali munthu wokhala pamudzipo. Ankatha kukhala nyumba ya amonke ya kutali, yotenga chakhumi chonona n'kusiya vicar, wansembe wogwira ntchito m'malo mwake, wodya zotsala. Kwa rector wotere, bola chancel isadonthe. Koma eni mudzi, chuma chikawagwera, ankafuna kuti pamene amaima Lamulungu lililonse, pamene ana awo amabatizidwira, pamene iwo adzaikidwe, pakhale poti mlendo akafika agwire pakamwa. Mzere umene mumauona padenga, pamene nave yathera ndipo chancel yayambira, ndi malire a matumba awiri amenewa.

Wofuna kuziona ndi maso apite ku Lavenham, makilomita ochepa chabe kuchokera ku Long Melford. Tchalitchi cha St Peter and St Paul kumeneko chinamangidwanso kuyambira cha mu 1485 mpaka cha mu 1525, ndi chuma cha John de Vere, Earl wa Oxford wa nambala 13, ndi cha banja la a Spring, amalonda a nsalu za ubweya wa nkhosa. Nsanja yake ndi ya mamita pafupifupi 43, m'katauni kakang'ono. Nyenyezi ya a de Vere ndi chizindikiro cha a Spring zabwerezedwa pamiyala kambirimbiri. Koma yendani mpaka kum'mawa. Chancel ndi ya m'zaka za m'ma 1300, yotsika, ya Decorated, inasiyidwa momwe inalili ngakhale olemerawo anamata machapelo awo m'mbali mwake. Pa mayeso munthu angalembe kuti chancel ndi Decorated, nave ndi Perpendicular, n'kupata malikisi ake onse. N'zoona, koma wangonena nthawi. Chifukwa chake n'chakuti amalonda a nsalu anafika pamene udindo wawo unathera, n'kuima.

Long Melford poyamba imaoneka ngati ikutsutsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndi imene yandiphunzitsa kwambiri. Mukalowa simupeza arch yaikulu, chipata chamwala chopindika pamwamba, yodula nave ndi chancel. Mizere ya zipilala, mazenera a m'mwamba ndi denga la matabwa zimangopitirira kuchokera kumadzulo mpaka pafupi ndi guwa, osapumira. Ntchito yomanganso inayenda kuyambira 1467 mpaka 1497, nthawi imene midzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Stour inkasambira m'ndalama za nsalu. Nanga malire aja apita kuti? Yankho analilemba okha pakhoma, kunja, ndi zilembo zoti munthu n'kuziwerenga ataima pa udzu wa kumanda.

Kuzungulira tchalitchi, m'mphepete mwa denga ndi pafupi ndi mazenera a m'mwamba, pali mizere ya mawu osemedwa pamwala, yambiri m'Chingerezi cha nthawi imeneyo. Imayamba ndi kupempha wodutsa kuti apempherere mzimu wa uje, kenako imanena chimene chuma cha ujeyo chinamanga. Mzere wina wa 1481 umatchula Roger Moryell ndi akazi ake, woyamba ndi wachiwiri, ndipo umati chuma chawo chinakonza ma arch 6. Alipo a Martin, amene chapelo chawo chili kum'mwera. Alipo Giles Dent, amene anali rector wa parishiyi, ndipo dzina lake lili pakhoma limodzi ndi a amalonda. Pa Lady Chapel, chapelo cha Maria Virigo, ya 1496, alipo ngakhale Richard Loveday, wantchito wa m'nyumba ya John Clopton, woyang'anira zakumwa. Dzina la Clopton mwiniwake limabwera mobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri sakutchulidwa monga wopereka, koma monga woyendetsa chuma cha womwalira, woonetsetsa kuti zimene munthu analemba mu wilo, chikalata chogawa chuma cha masiye, zasanduka mwala. Ndiye kuno malire sanafufutike mwangozi. Panali munthu mmodzi wamphamvu wogwira matumba ambiri, la rector lomwe, n'kuwakhuthulira mu pulani imodzi. Funso lija likugwirabe ntchito. Ku Lavenham limafotokoza chifukwa chimene nyumba inadukira, ku Long Melford chifukwa chimene sinadukire.

Khungu lenileni la khoma likukamba za ndalama. Suffolk ilibe mwala wabwino wosema. Ili ndi flint, timiyala tolimba kwambiri topezeka m'choko ndi m'minda. Mwala woyera wosemeka unkachokera kutali, pamadzi ndi pangolo, ndipo unali wodula. Ndiye amisiri ankaswa flint pakati kuti nkhope yake ya mkati, yakuda ndi yonyezimira, iyang'ane kunja, n'kuiyala m'timafelemu topyapyala ta mwala woyera uja, zonse zofanana osatumphuka. Ndiyo flushwork ija tinaiona pa zithunzi m'kalasi. Pa chithunzi imaoneka ngati utoto. Mukaiyandikira mumaona kuti kamwala kalikonse kanaswedwa pakokha, tina tochepa kuposa chikhato cha mwana, n'kukhalitsidwa pafupi ndi kanzake. Mukapitsapo chala, flint ndi yoterera ndi yozizira, pamene mwala woyera ndi wokhakhala, mvula yaudya m'makona. Ndi nzeru yotambasula mwala wodula kuti ukwane khoma lalikulu, komanso ndi ntchito yodya masiku ochuluka a mmisiri, moti aliyense wodutsa nthawi imeneyo ankadziwa kuti apa pagwa ndalama.

Funso lachiwiri limabwera lokha: ankagula chiyani kwenikweni? Anthu amenewa ankakhulupirira purigatoriyo. Mzimu wa munthu womwalira ali pamtendere ndi Mulungu unkayenera kuyeretsedwa usanalowe kumwamba, ndipo mapemphero ndi misa za amoyo zinkafupikitsa nthawi imeneyo. Dzina pakhoma linali pempho losatha, loikidwa poti aliyense wopita ku misa aziliwerenga mibadwo ndi mibadwo. Pa Lady Chapel pali mzere wa Chilatini wonena zimenezi mosabisa: woika mayinawo akuitana Khristu kuti akhale mboni yakuti sanachite izi pofuna kutamandidwa, koma kuti mzimu ukumbukiridwe. Ine ndikumukhulupirira, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wa munthu umatha kusenza zifukwa ziwiri nthawi imodzi. Mukagwira mfundo imeneyi, zinthu zimene zinkaoneka ngati zongowonjezera zimapeza malo ake. Machapelo a m'mbali ndi a misa za mabanja. Mazenera aakulu a Perpendicular ndi poika nkhope ndi mayina a opereka. Kukula kwa nyumba yonse, kopitirira kutali chiwerengero cha anthu a pamudzi, kukuchokera poti maguwa anali ambiri, ansembe ambiri, misa zambiri patsiku.

Kwa ife a ku Malawi zimenezi si zachilendo kwenikweni. Kwathu tikamamanga tchalitchi, banja lakuti limapereka matumba a simenti, amayi a Mothers' Union malata, mwana wa pamudzi amene ali ku Joni amatumiza ya mazenera, ndipo mayina amawerengedwa pa zolengeza. Pakatha zaka mumatha kuloza khoma n'kunena kuti apa ndalama zinathera, apa zinapezekanso, njerwa zasintha mtundu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timawerenga mayina kamodzi n'kuomba m'manja, pamene a ku Melford ankawasema pamwala chifukwa ankawafuna atamwalira.

John Clopton wa ku Kentwell Hall anali munthu woti imfa anaionera pafupi. Mu 1462, pa nkhondo za pakati pa mabanja a York ndi Lancaster, anamangidwa pamodzi ndi Earl wa Oxford wa nambala 12, bambo ake a de Vere wa ku Lavenham uja. Earl anadulidwa mutu, ena ogwidwa naye anaphedwanso, koma Clopton anatuluka wamoyo. Anakhala zaka zina 35, mpaka 1497, ndipo zambiri mwa izo anazithera pa tchalitchi ichi. Chantry yake, chapelo cha misa zopempherera mzimu wake, ili kumpoto kwa guwa lalikulu. Mumalowera pa kachipinda kakang'ono kokhala ndi posonkha moto, poti wansembe wa misa ya m'bandakucha m'nyengo yozizira ya kuno sakanapirira wopanda kuotha. Mkati, m'mphepete mwa denga, thabwa linasemedwa mooneka ngati mpukutu wokulungidwa pa ndodo, ndipo pa mpukutuwo panalembedwa ndakatulo zimene amati ndi za John Lydgate, mmonke wa ku Bury St Edmunds. Utoto unazilala, mumachita kupendeketsa mutu ndi kudikira kuti maso azolowere. Pa zenera la kum'mawa pali kagalasi kakang'ono koonetsa Khristu atapachikidwa pa duwa la lily.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi manda ake. Ali m'khoma lolekanitsa chantry ndi guwa lalikulu, pansi pa arch yotseguka mbali zonse ziwiri, ndipo pamwamba pake ndi pathyathyathya. Palibe chosema cha munthu wogona atapinda manja monga timaonera pa manda a olemera a nthawi imeneyo. Anafuna choncho dala, kuti chaka chilichonse kuyambira Lachisanu Loyera mpaka m'mawa wa Pasaka, Ukaristia uziikidwa pamenepo monga Khristu m'manda. Munthu anakonzeratu zoti thupi la Ambuye lizigona pamwamba pa mafupa ake, parishi yonse ikuchezera pomwepo ndi makandulo. Mawu oti Perpendicular sangakuuzeni chifukwa chimene mwala umenewo uli wopanda kanthu pamwamba. Wilo ya Clopton ndi kalendala ya mpingo ndi zimene zingakuuzeni.

Magalasi akale amene anapulumuka tsopano ali m'mazenera a kumpoto, pamsinkhu woti muwaone bwino, koma poyamba ambiri anali m'mwamba, ndipo kutalika kumeneko kunawathandiza m'masiku a anthu oswa zithunzi za m'matchalitchi. Ndi mzere wa anthu ogwada: abale a Clopton, a kuchikwati, anzake, oweruza milandu atavala mikanjo yawo, amayi ovala nsalu za kumutu zotambasukira kumbuyo ngati mapiko a gulugufe. Elizabeth Talbot, Duchess wa Norfolk, ali pakati pawo. Aliyense manja ali pamodzi, zovala zajambulidwa zizindikiro za banja lake kuti asasokonezedwe ndi wina. Ndi mayina a pakhoma aja, koma tsopano ali ndi nkhope.

Njira imene yandifikitsa apa ndikufuna nonse muiyese. Jambulani pulani ya tchalitchi nokha, ndi dzanja, pa pepala la timabokosi, osati kukopera ya m'buku. Mukatero, m'malo mopaka mitundu motsata zaka monga timachitira m'kalasi, pakani motsata wolipira. Rector mtundu wake, parishi wake, banja lililonse wake, boma wake, okonzanso a m'zaka za m'ma 1800 wawo. Pamene simungaike mtundu, siyani poyera, ndipo malo oyerawo ndiwo mafunso anu. Ku Long Melford njira imeneyi ndi imene inandiimitsa pa zipilala za kumadzulo. Magawo 5 a kumadzulo kwa nave ali ndi zipilala zakale kuposa zinzake, zotsala za tchalitchi cha m'mbuyo. Omanga a nthawi ya Clopton sanagwetse zonse n'kuyamba pa dothi. Zimene zinali zolimba anazisunga, n'kumanga pamwamba pake ndi kupitiriza chakum'mawa, gawo ndi gawo, monga chuma cha masiye chinkabwerera. Umodzi umene diso limaona polowa ndi ntchito ya zaka 30 ya matumba osiyanasiyana, yovekedwa chovala chimodzi.

Ndikanakhala ndi mphamvu pa phunziroli, ndikanaletsa aliyense kutsegula buku la mbiri ya tchalitchi asanajambule pulani yotere. Ndikunena motsimikiza. Dzanja limakana kunama. Mukamawerenga mumatha kudutsa chiganizo choti chapelo chinawonjezedwa pambuyo pake, mutu n'kugwedeza, koma pojambula muyenera kusankha pamene khoma lakale lathera, ndipo simungasankhe musanapite kukaona pamene mizere ya miyala yasiyana. Ndikukhulupirira kuti palibe tchalitchi cha parishi ku England chimene sichingatseguke ndi pensulo zamitundu ndi funso limeneli. Mnzanga wina m'kalasi akuti ndikukokomeza, akuti matchalitchi ambiri alibe mayina pakhoma ngati Melford ndipo mabuku a ma churchwarden anatayika, ndiye pepala langa lidzangokhala loyera. Ine ndikuti ngakhale pepala loyera laphunzitsa kanthu. Sitinagwirizane.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi imene yapita. Sabata ndi sabata takhala m'chipinda chamdima tikuonetsedwa mazenera pa sikirini, ili lakuthwa, ili la mizere yopindika, ili la mizere yoongoka mpaka pamwamba, tchulani zaka. Wina atafunsa za chakhumi anauzidwa kuti zimenezo ndi za a mbiri ya mpingo, ife ndife a nyumba. Kodi nyumba imadzimanga yokha? Mfundo ya rector ndi parishi ikanangotenga mphindi zochepa tsiku loyamba, ndipo zithunzi zonse zotsatira zikanakhala ndi pokhala m'mutu mwathu. Aphunzitsiwo si kuti saidziwa. Amaidziwa bwino kwambiri mpaka anaiwala kuti pali anthu amene sanakulire pafupi ndi tchalitchi cha zaka 600, amene rector ndi vicar kwa iwo onse ndi abambo basi. Ndipo ambiri a ife tikuphunzira kwinaku tikugwira ntchito, ena usiku. Kupita kukaona tchalitchi cha kumudzi si nkhani yongodzuka n'kunyamuka. Sitima imathera ku Sudbury, kuchokera apo ndi basi, ndipo tsiku lonse lapita. Munthu ukapereka tsiku lotere umafuna ukafike uli ndi funso loyenera m'manja, osati ndandanda ya mazenera.

Tsopano mbali yovuta. Tchalitchi ichi timachitchula kuti cha Anglican, ndipo n'chocho, chili mu Church of England. Koma amene anachimanga anali Akatolika a pansi pa Papa, ndipo chifukwa chimene anachimangira chinathetsedwa ndi lamulo patangopita zaka 50 Clopton atamwalira. Mu 1534 Henry VIII anakhala mutu wa mpingo wa ku England. Mu 1539 nyumba ya amonke ya ku Bury St Edmunds, imene inali mwini malo ku Melford, inatsekedwa. Mu 1547, Edward VI ali pampando, lamulo linathetsa ma chantry ndipo chuma chake chinapita kwa mfumu. Book of Common Prayer, buku la mapemphero a m'Chingerezi, inabwera mu 1549. Pambuyo pake mfundo 39 za chikhulupiriro cha Anglican, pa nambala 22, zinakaniratu purigatoriyo. Misa zimene Clopton analipira kuti zisadzathe zinatha, mayina anatsala pakhoma akupempha chinthu chimene mpingo sunkaphunzitsanso.

Tili ndi mwayi kuti munthu wina wa pamudzipo analemba zimene anaona. Roger Martin, wa banja lomwe lija la chapelo cha kum'mwera, anakhalabe Mkatolika mpaka imfa yake mu 1615, ndipo atakalamba analemba momwe tchalitchi chinalili ali mwana: mtanda waukulu pamwamba pa chotchinga cha pakati, atumwi 12 ojambulidwa kutsogolo kwake, mdipiti wa Lamulungu la Kanjedza wozungulira manda, mnyamata ataimirira pa kansanja akuimba ndi kuloza Ukaristia, moto wa usiku wa zikondwerero umene osauka ankadyerapo buledi ndi kumwa. Zinthu zina za m'chapelo cha makolo ake anazisunga kunyumba, akuyembekeza kuti ana ake adzazibwezera. Chosema cha alabaster, mwala wofewa woyera, choonetsa anzeru a kum'mawa akulambira Mwana, cha m'zaka za m'ma 1300, chinapezeka m'zaka za m'ma 1700 chitakwiriridwa pansi pa tchalitchi, ndipo lero chili pakhoma. Zimenezi zandiphunzitsa kuti nyumba yowala ndi yotakasuka imene timaisirira lero si imene iwo ankaiona. Yawo inali yodukaduka ndi zotchinga, yodzaza utoto ndi makandulo. Mzere wosapumira uja ndinautamanda poyamba unali wodulidwa pakati ndi chotchinga cha matabwa. Malire a nave ndi chancel analipo ndithu, kungoti anali a mtengo, ndipo mtengo ndi wosavuta kuchotsa.

Ndalama sizinasiye kubwera pambuyo pake, zinangosintha njira. Sir William Cordell wa ku Melford Hall, amene anali Speaker wa House of Commons m'nthawi ya Mary ndipo anakhalabe paudindo waukulu wa zamalamulo m'nthawi ya Elizabeth, sanamange chantry. Mu 1573 anakhazikitsa nyumba yosungira amuna osauka okalamba pafupi ndi chipata cha tchalitchi, ndipo ilipo mpaka lero. Manda ake a 1581 ali mu chancel, ndipo iye ali ndi chosema chake chogona pamwamba. Lady Chapel, nyumba yachilendo ija yokhala ndi kachipinda ka pakati kozunguliridwa ndi njira mbali zonse, inasanduka sukulu kuyambira 1670, ndipo pakhoma pake pakadali ndandanda ya kuchulukitsa manambala imene ana ankaloweza.

Nsanja ndiye msampha wa aliyense wodalira mayina a kamangidwe okha. Imaoneka ya nthawi imodzi ndi zinazo, flushwork ndi zonse. Si choncho. Yakale inaonongeka ndi mphezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, m'malo mwake anamanga ya njerwa, ndipo imene tikuiona lero ndi chovala cha mwala ndi flint chimene George Frederick Bodley anaveka nsanja ya njerwayo, chomalizidwa mu 1903. Bodley anali wa mbadwo umene unakulira mu Oxford Movement, gulu lofuna kubwezeretsa miyambo ya Chikatolika mu Anglican, yoyamba mu 1833, ndi Cambridge Camden Society ya 1839, anthu amene ankakhulupirira kuti tchalitchi choona chiyenera kuoneka ngati cha Chingerezi chisanasweke ndi Roma, chancel yozama, guwa lokwezedwa kum'mawa. Mtsinje womwewo ndi umene unabala UMCA, bungwe la amishoni a Anglican amene anafika kwathu, ndipo mu 1903 momwemo ntchito yomanga St Peter's pa chilumba cha Likoma inali ikuyamba. Wokulira mu Anglican ya kunyanja akalowa mu Long Melford amamva kuti malo akuwadziwa, ndipo si mwangozi. Chimene tinalandira kwathu ndi chithunzi cha tchalitchi chakale monga anthu a nthawi ya Victoria ankachilakalaka.

Ndisaiwale, kwa amene akuganiza kuti za rector ndi chancel ndi nthano ya kale: mu 2003 House of Lords, imene nthawi imeneyo inali khoti lalikulu la ku Britain, inagamula mlandu wa ku Aston Cantlow, ku Warwickshire, kuti eni famu imene mbali yake kale inali munda wa rector ayenera kulipira zokonzetsera chancel ya tchalitchi cha parishiyo. Udindo unatsatira dothi zaka mazana onsewo.

Pali malo amene funso langa silikufika, ndipo akundisowetsa mtendere. Nsalu imene inamanga Melford inapotedwa ndi amayi ndi ana m'makomo mwawo, inalukidwa ndi kunyikidwa mu utoto ndi anthu olipidwa pa chidutswa. Pa pulani yanga alibe mtundu. Ndikati analipira ndani n'kuyankha kuti Moryell kapena Martin, kodi ndayankha, kapena ndangokopera zimene olemerawo anafuna kuti ndiwerenge? Ndaganizapo zopaka pepala lonse mtundu umodzi wofuwirira pansi pa mitundu inayo, koma ndikatero njira yonse ikutaya mano ake, chifukwa mtundu wokhala paliponse sulekanitsa chilichonse.

Chinanso n'chakuti ndalama zimafotokoza kukula, sizifotokoza kukongola. Matauni ena a nsalu anali olemera chimodzimodzi ndipo matchalitchi awo sakugwira mtima choncho. Wina anasankha kuti pa arch iliyonse pakhale mazenera awiri m'mwamba, kuti khoma lichepe mpaka kungotsala timizere ta mwala pakati pa magalasi, ndipo munthu ameneyo anali mmisiri, osati wamalonda. Mwina apa m'pamene aphunzitsi anga ndi zithunzi zawo za mazenera ali ndi mfundo imene sindinaimvetse bwino. Ndiyenera kulemba nkhani yopereka kumapeto kwa teremu, ndipo mutu wake ukufuna kuti ndifotokoze Holy Trinity monga tchalitchi cha Anglican. Sindinasankhe ngati ndiyambire pa 1467, pamene Anglican kunalibe, kapena pa 1547, pamene nyumbayi inasiya kugwira ntchito imene inamangidwira, kapena pa 1903. Chilichonse mwa zitatuzi chikundipatsa tchalitchi china, ndipo mnzanga uja akuti ndisankhe chimodzi ndisiye kuzungulira. Panopa ndikupendekera ku 1547, koma ndikakumbukira kuti anthu akupempherabe mmenemo Lamulungu lililonse, pansi pa mayina omwe aja, ndimakayikanso ngati kunena kuti ntchito yake inatha ndi chilungamo.